MPHAMVU ZIMENE ZIYENDETSA ZINTHU

Cinthu ciri conse cogona pansi sicingayambe kuyenda cokha, ndipo coyenda sicingaime cokha. Pafunika mphamvu. Mphamvu ndiyo kukankha kapena kukoka. Ng'ombe za kwa Mpezeni zikoka ngolo ya cimanga. Mnyamata akankha wilibala pa msika wa Kapata. Mphira ya legeni ikatanuka iponya mwala. Mphamvu zotere zigwira nchito pokhapo zinthu zitakhudzana.

Koma ziripo zina zogwira nchito patali. Maginito akoka msomali asanaukhudze. Ina mwa izi ndiyo mphamvu ya dziko lapansi yokokera zinthu zonse pansi. Cifukwa ca iyo mango akapsa agwa, ndipo madzi a mvula atsika phiri la Kanjala kunka kumadambo. M'caka ca 1687 Mngelezi wina, Isaac Newton, anasonyeza kuti mphamvu yomweyi ndiyo igwira mwezi kuti uzizungulira dziko. Lero mphamvu iyesedwa ndi muyeso wochedwa dzina lace. Thumba la makilogalamu 50 likokedwa pansi ndi manyutoni pafupifupi 490.

Mphamvu ina ndiyo ya kukhulana. Zinthu ziwiri zikamakhulana, cina ciletsa cinzace kuyenda, ndipo zitentha. Umo ndimo makolo anali kupekera moto ndi timitengo tiwiri. Popanda kukhulana munthu sangaponde ndi kuyenda. Ndico cifukwa cace pamatope pagwetsa ngakhale akulu.

Taonani tsono munthu wotsika citunda pa njinga, atamanga matumba awiri a mtedza kumbuyo, alikunka ku Chipata. Dziko likokera njingayo kunsi, ndipo liwiro likulirakulira. Comuimitsa n'cimodzi: timphira ta mabuleki tokhula mkombero wa gudumu. Timphirato tikatha, kapena mkombero ukanyowa ndi mvula, kukhulana kucepa. Katundu akaculuka, mphamvu yofunika kuimitsa njinga ikulanso. Pamenepo munthu angagwere m'ngalande kapena kuombana ndi galimoto. Wanzeru athira mafuta pa cheni, pamene kukhulana kulemetsa miyendo, koma pa mabuleki sathirapo ai. Ndipo pa citunda cacikuru atsika nayenda pansi.

Mafunso
1. Chulani mphamvu ziwiri zogwira nchito patali.
2. Cifukwa ninji njinga ivuta kuima nthawi ya dzinja?