Musanagule malata, yang'anani chipupa

Munthu woyenda pa msewu wochokera ku Ulónguè kupita ku Calómuè, m'malire ndi Dedza, amaona madenga akung'anima m'midzi ya mbali zonse. Sizinali tero pamene nkhondo inatha mu 1992. Obwerera kuchokera ku Malawi anapeza mabwinja, ndipo aliyense anazika mitengo, namata, nafolera udzu kuti ana apeze pogona. Lero mlimi wa ku Angónia, Tsangano kapena Macanga akagulitsa fodya kaya mbatatesi, nkhani yoyamba m'banja imakhala ya malata.

Chifukwa chake nchodziwika. Udzu wa tsekera ukusowa, pakuti malo ambiri alimidwa, ndipo wotsalawo umapsa ndi moto wa osaka mbewa amayi asanaumwete. Denga la udzu limafuna kuwonjezera kawirikawiri, ndipo likagwira moto kanthu sikapulumuka.

Koma mtengo umene wa m'sitolo akuuzani ndi wa malata okha. Patsala misomali, waya, mitanda, malata a pamsonga, ngolo yonyamulira ndi malipiro a mmisiri. Amene sanawerengere zimenezi ndiye amatsegula nkhokwe nkugulitsa chimanga kuti atsirize denga. Nyumba imang'anima ndithu, koma pofika Febuluwale mwini wake ali pa ganyu m'munda wa mnzake.

Malatanso sali ofanana. Kuno kwathu ambiri amatchula kukhuthala kwake m'mamilimita, pamene kutsidya ku Malawi amanena geji. Apa mposokoneza: pa geji, nambala yaing'ono ndiyo lata lokhuthala, kotero 28 ndi lolimba kuposa 32. Lopyapyala ndi lotsika mtengo, koma limang'ambika pa msomali ndipo dzimbiri silichedwa kuliboola.

Nkhani yaikulu ili pa chipupa. Denga la udzu ndi lolemera ndipo limatsika mpaka pakhonde, choncho mvula siifika pa khoma. Malata ndi opepuka, ndiponso pofuna kusunga ndalama ambiri amawalekeza pafupi ndi khoma. Madzi amamenya zidina, maziko nkumafewa. Namondwe Ana wa mu Januwale 2022, amene anagwetsa mlatho wa pa Revúbuè pakati pa Tete ndi Moatize, anagwetsanso nyumba zambiri m'chigawo chino. Ngati chipupa chanu nchamdindo kapena chang'aluka kale, ndalama za chaka chino zipite ku njerwa zootcha. Malata adikire.

Pofolera, mitanda imangidwe ndi waya wolowa m'kati mwa khoma. Miyala imene timaiona pamwamba pa madenga ena siiletsa mphepo kusasula. Msomali ukhomedwe pamsana pa mzere wa lata, osati m'ngalande moyenda madzi.

Dziwaninso kuti m'nyumba ya malata mumatentha mu Okutobala, ndipo mu Juni ndi Julayi, makamaka kumapiri a Tsangano, mumazizira mpaka mame kudonthera pa zofunda. Mphasa kapena bango zoyalidwa kunsi kwa denga zimathandiza. Khitchini ndiye ingotsala ya udzu, chifukwa utsi umadya malata.

Mabanja ambiri amagula pang'onopang'ono, malata asanu chaka chino, ena chaka chamawa. Njira imeneyi njabwino, koma asungidwe pouma, pamwamba pa mitengo, kutali ndi matumba a feteleza. Malata osanjikizana akalowa madzi amayamba kuwonongeka asanakwere nkomwe pa denga.