Kupeza Malo Enieni a Bowo pa Makina a Lathe

Pa makina a lathe, omwe amazunguliza chitsulo pamene choboolera chili chiimire, bowo limabooka pa mzere womwe chitsulocho chikuzungulirapo, choncho ntchito yaikulu ya mmisiri ndi kusuntha chitsulo mpaka malo ofunika bowo afike pamzerewo. Akakhoma kadontho ndi panchi pamalopo, amamanga chitsulo m'chogwirira cha mano anayi, chomwe dzino lake lililonse limayenda palokha, kenaka amapanikiza kandodo kosongoka pakati pa kadonthoko ndi nsonga ya kumchira kwa makina. Geji ya muvi, yoonetsa ngakhale mamilimita 0.01, imaulula kugwedera kwa kandodoko chitsulo chikamazungulizidwa ndi dzanja, ndipo mano oyang'anizana amamasulidwa ndi kumangidwa mpaka muviwo utaleka kuyenda. Kuthamangira gawo limeneli n'kuwononga chitsulo chodula, pakuti bowo likabooka polakwika silisunthika.