MITAMBO INALANDA MALO A MBENDERA

Dziko la Holland ku Ulaya liri m'mphepete mwa nyanja yamcere. M'zaka za m'ma 1600 cuma ca anthu ace cinali kucokera pa madzi, ndiye kuti usodzi ndi malonda a pa zombo. Kaamba ka ici, akatswiri ojambula zithunzi ndi utoto anaikonda kwambiri nyanja.

Woyamba kuchuka pa nchitoyi anali Hendrick Vroom wa mu mzinda wa Haarlem, amene anamwalira mu 1640. Masiku amenewo dzikolo linali pa nkhondo yomenyera ufulu kucoka m'manja mwa Spain, imene inatha mu 1648. Motero zithunzi za Vroom zinali zoonetsa mphamvu: zombo zikuluzikulu, mizinga, mbendera zowala, ndi cingwe ciriconse cooneka bwino lomwe. Zambiri ankaitanitsa ndi akuluakulu a mizinda.

Amene anasintha zinthu ndi Jan Porcellis, wobadwira ku Ghent, yemwe anafika ku Haarlem mu 1622 namwalira mu 1632. Iyeyu anasiya mitundu yowala, nasankha yocepa cabe, makamaka wotuwa ngati phulusa ndi wofiirira ngati dothi. Thambo analipatsa malo akulu kuposa madzi. M'malo mwa zombo za nkhondo, ankajambula timabwato ta asodzi tikulimbana ndi mafunde, kumwamba mitambo ya mvula iri bii, kutali nkhungu itaphimba gombe. Munthu poyang'ana cithunzi cotere samawerenga mbendera ai, koma amamva ngati mphepo ya pa nyanja yamuomba.

Nanga anthu anazilandira bwanji zithunzi zotuwazi? Panthawiyo amisiri ndi eni timasitolo nawonso anayamba kugula zithunzi zopacika m'nyumba zao. Cithunzi ca mitundu yocepa cinali kutha msanga, ndipo mtengo wace unali wotsika. Komanso nyanja imene anaiona m'menemo ndi yomwe ija anaidziwa, yodyetsa mabanja ndi kumiza abale.

Akatswiri anzace anamlemekeza Porcellis. Simon de Vlieger anatsata njira yace. Jan van de Cappelle anasunga zithunzi zace 16, ndipo pamene katundu wa Rembrandt analembedwa mu 1656 cifukwa ca ngongole, zina za Porcellis zinapezeka m'nyumba mwace.

Umo ndi mmene msodzi wamba ndi bwato lace analowera m'zithunzi momwe kale munali makamaka zombo za nkhondo.