Kodi mkaka wa m'mawere umabwera bwanji? Zimene apeza pa mbewa

Amayi ambiri amatifunsa chifukwa chimene mkaka umauma mwana akasiya kuyamwa. Ena mpaka amanyozedwa kuti ali ndi mawere ouma. Mayankho ambiri anapezeka pofufuza mbewa zoweta, osati zapatchire timadya zija. Mbewa ili ndi mawere 10 ndipo imabereka pakangotha masiku pafupifupi 20, choncho akatswiri sachedwa kuona zotsatira.

M'maselo a thupi muli malangizo achibadwa otchedwa majini. Apa sitikunena majini a mizimu ayi. Majini opangitsa mkaka amakhala chigonere mpaka atadzutsidwa. Amene amawadzutsa ndi homoni ya prolactin, yochokera m'kachiwalo kakang'ono ka pansi pa ubongo. Ikafika pa selo la m'bere imatuma puloteni ya STAT5, ndipo iyi ndi imene imalowa mkati kukayambitsa ntchito. Mu 1997, akatswiri a ku National Institutes of Health ku America anaonetsa kuti mbewa zimene anazichotsa jini ya Stat5a zinkabereka bwinobwino koma zinkalephera kuyamwitsa.

Chimene ife timachiona chofunika kwambiri n'chakuti kupanga mkaka ndi kuutulutsa ndi ntchito ziwiri zosiyana. Mu 1996 anayesa mbewa zopanda jini ya homoni ina, oxytocin. Mawere ake anadzaza mkaka, ana ankayamwa ndithu, koma ankafa ndi njala chifukwa panalibe chofinya timatumba ta mkaka kuti utsike. Atabaya mbewazo jakisoni wa oxytocin, mkaka unatuluka ndipo ana anapulumuka. Mbewa si munthu, komabe mahomoni awiriwa amagwira ntchito yomweyi mwa amayi, ndipo onse amachuluka mwana akamayamwa. Mantha ndi ululu zimatha kuchedwetsa oxytocin. N'chifukwa chake mayi amene mkaka sukutuluka amafunika kumukhazika mtima pansi ndi kumuthandiza kuika mwana kubere pafupipafupi, osati kumukalipira.

Nanga kuuma? Ana a mbewa akachotsedwa, mkaka umaunjikana m'bere ndipo puloteni ina, STAT3, imalamula maselo opanga mkaka kuti ayambe kufa. Ana akabwezedwa masiku awiri asanathe, mkaka umabweranso. Akachedwa, bere limabwerera mwakale kudikira bere lina. Mwa anthu zimenezi zimatenga nthawi yaitali kuposa apa, moti mayi amene wadukiza kuyamwitsa chifukwa cha matenda akhoza kuyambiranso mothandizidwa ndi azaumoyo.