"Eyite sauzande, eee..."

Ku Mchesi, komwe akalipentala amakhoma mipando ndi mabedi, mtengo umatchulidwa m'Chingerezi ngakhale macheza onse ali m'Chichewa. Mukafunsa mtengo wa tebulo mumva: "Eyite sauzande, eee... bwana." Ine ndimaona kuti "eee" ameneyu sangobwera: mmisiri akuwerengera matabwa ndi vanishi, uku akuyang'ana nkhope ya wogula. Akati "basi", palibenso zonenerera. Akati "mwina", mutha kutsitsako.

Eni Chingerezi nawonso ali ndi mawu onga "eee" ameneyu. Mu 2002, akatswiri Herbert Clark ndi Jean Fox Tree adafotokoza kuti "uh" amasonyeza kuti wolankhula aima pang'ono, pomwe "um" aima motalikirapo.

Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zipangizo idakwera, moti mmisiri wa ku Mchesi akati "eee", amayamba wawerengeranso asanatsimikize nambala yomwe watchula.