Chifefe chodziikira katiriji: chimayamba ndi kuyezedwa paphewa la mwini wake

M'mwezi wa Januwale 1902, mmisiri wa mfuti wochokera ku Ogden m'chigawo cha Utah ku America, John Moses Browning, anapita kukaonana ndi mkulu wa kampani ya Remington, Marcellus Hartley. Ananyamula chifefe chachilendo: chikawomba, chinkataya chokha chigoba cha katiriji n'kulowetsa wina, wowombayo osachotsa tsaya lake pamfuti. Anali atasemphana maganizo ndi kampani ya Winchester, imene inakana zomamulipira pa mfuti iliyonse yogulitsidwa, poti inazolowera kumugula luso lake kamodzi n'kuthana naye. Tsoka ilo, Hartley anamwalira mwadzidzidzi Browning akudikira kuti aonane naye. Mmisiriyo anawoloka nyanja kupita ku Herstal m'dziko la Belgium, kumene kampani ya Fabrique Nationale inamulandira ndi manja awiri.

Mfuti ija ndi imene inatchuka ndi dzina loti Auto-5, ndipo inapangidwa mpaka 1998. Lero zidzukulu zake zili m'manja mwa alenje a abakha ku Arkansas, osaka nkhunda ku Argentina, ndi anthu ochita masewera owomba timbale touluka ku Britain ndi ku Italy. M'masitolo a kumeneko muli zokometsera mfutizi zosawerengeka. Komabe amisiri ndi aphunzitsi a masewerawa amabwerera pa mfundo ziwiri zokha: chifefe chimalasa ngati chikumukwana mwini wake, ndipo chimagwira ntchito ngati chikusamalidwa.

Mphamvu yoyendetsa zitsulo imachokera kuti

Mfuti yamtunduwu imawomba kamodzi munthu akakhethemula kamodzi. Chimene imachita yokha ndi kutaya chigoba ndi kuika katiriji wina, ndipo mphamvu yake imaitenga ku katiriji amene wangophulikayo. Njira zake ndi zitatu.

Ya Browning ndi yoti mpope wonse umabwerera mmbuyo pamodzi ndi chitsekero, chitsulo chotsekera katiriji kumbuyo kwa mpopewo, kenako sipuling'i n'kuubweza. Kuzungulira chubu chosungira makatiriji kuli mphete zogwira ngati mabuleki, ndipo mwini mfuti amazisanja mosiyana pa makatiriji opepuka ndi amphamvu. Akazisanja molakwika, mfuti imakana kutaya chigoba kapena imamumenya paphewa n'kumadziwononga yokha.

Njira yachiwiri ndi ya gasi, imene inafala ndi Remington 1100 yotuluka mu 1963. Pansi pa mpope pali timabowo totulutsa pang'ono mpweya wa wonga woyaka, ndipo mpweyawo umakankha pisitoni imene imatsekula chitsekero. Mfuti zotere, kuphatikizapo za Beretta monga A300 ndi A400, zimakondedwa chifukwa sizikankha phewa mwaukali. Vuto lake ndi mwaye.

Yachitatu inatchuka ndi kampani ya Benelli ya ku Urbino, yomwe inakhazikitsidwa mu 1967 n'kumapanga mfuti potsatira nzeru za mmisiri Bruno Civolani. M'kati mwa chitsekero muli sipuling'i yaifupi yolimba. Mfuti yonse ikagwedezekera mmbuyo, chitsulo cholemera cha chitsekero chimatsalira pamalo kwa kanthawi kochepa zedi n'kufinya sipuling'iyo, ndipo ikamadzitambasula imaponyera chitsekero mmbuyo. Mpweya wonse umatulukira kutsogolo, motero m'kati mumakhala moyera.

Aliyense wofuna kusintha kanthu pamfuti yake ayenera kuyamba wadziwa kuti yake ndi ya njira iti, chifukwa chothandiza imodzi chimalemaza inzake.

Diso ndiye cholozera

Mfuti yowomba chipolopolo chimodzi imakhala ndi zolozera ziwiri, cha kutsogolo ndi cha kumbuyo. Chifefe chili ndi kamkanda kamodzi kumapeto kwa mpope basi. Ntchito ya cholozera cha kumbuyo imagwiridwa ndi diso la wowomba, ndipo malo amene disolo likhale amatengera pamene tsaya latsamira pa tsinde la mfuti, chigawo chija chakumbuyo chogunda paphewa. Kambale kadothi ka masewera a Olympics ndi kotambalala mamilimita 110 okha ndipo kamathamanga kwambiri. Palibe nthawi yokonza mutu. Mfuti ikafika paphewa iyenera kukhala italoza kale kumene maso akuyang'ana.

N'chifukwa chake mmisiri amamuyeza munthu ngati mmene telala amachitira asanadule nsalu ya suti. Choyamba amaona diso limene limatsogolera, popeza alipo ambiri a dzanja lamanja amene diso lawo lamphamvu ndi lakumanzere. Otero amawomba pambali pa chinthu ngakhale mfuti ikhale yodula motani. Ena amathandizidwa ndi kadontho komatidwa pagalasi la maso, ena amaphunzira kuwombera phewa linalo.

Kenako amayeza kutalika kwa tsinde, kuchokera pokhethemulira kufika pogunda phewa. Mfuti zambiri za m'sitolo zimabwera ndi masentimita pafupifupi 36, muyeso wa mwamuna wamsinkhu wapakatikati. Tsinde likatalika limakodwa m'khwapa pokweza mfuti. Likafupika, chala chachikulu chimamenya mphuno. Amisiri amafuna kuti pakati pa chalacho ndi mphuno patsale mpata wa zala ziwiri kapena kuposerapo pang'ono. Ngakhale zovala zimawerengedwa: mlenje wa m'nyengo ya chisanu wovala jekete lochindikala amafuna tsinde lalifupi kusiyana ndi mmene amafunira m'chilimwe.

Muyeso wina ndi kutsika kwa msana wa tsinde poyerekeza ndi mzere wa pamwamba pa mpope. Msanawo ukakwera, diso limakwera ndipo mfuti imawomba pamwamba. Ukatsika kwambiri, diso limabisika kuseri kwa zitsulo, munthu n'kuyamba kudzutsa mutu. Palinso kukhotera pambali: kwa wowombera phewa lamanja, tsinde limapatuka pang'ono kumanja kuti nkhope ipeze malo. Amayi ambiri, chifukwa cha kapangidwe ka khosi, masaya ndi chifuwa, amafuna msana wokwererapo ndi tsinde lalifupi, ndipo makampani tsopano akupanga mfuti zoyezedwa motero.

Timapepala tapulasitiki tosintha zinthu

Ku Britain luso loyezali ndi lakale. Makampani a ku London monga Holland & Holland, komanso sukulu ya West London Shooting School imene inayamba mu 1901, amagwiritsa ntchito mfuti yoyesera yokhala ndi tsinde lolumikizidwa ndi zomangira, lotheka kulitalikitsa, kulitsitsa ndi kulikhotetsa mpaka litamukwana kasitomala. Miyeso ikapezeka, mmisiri amasema tsinde latsopano, kapena amatenthetsa mtengo wa lakale ndi mafuta otentha n'kulipinda pang'onopang'ono. Ndi ntchito ya ndalama zambiri.

Chifefe chodziikira katiriji sichilola kupindidwa chotero. Pa mitundu yambiri, m'kati mwa tsinde mumadutsa chubu chokhala ndi sipuling'i yobweza chitsekero, ndipo chubucho chimaikanso malire a pamene tsinde lingadulidwe. Makampani a ku Italy anapeza njira yotsika mtengo: timapepala tolimba tapulasitiki, totchedwa shim, toikidwa pamene tsinde limakumana ndi thupi la mfuti. Kalikonse kali ndi nambala yake, kena kotsitsa, kena kokweza, kena kokhotetsera kumanja kapena kumanzere. Timabwera m'bokosi limodzi ndi mfuti, koma eni ake ambiri amatisiya momwemo osatiyesa n'komwe.

Chosonyeza ngati mfuti yakwana ndi chitsulo chachikulu chopakidwa penti yoyera kapena girisi. Munthu amaima mayadi 16 kuchokera pamenepo, n'kumakweza mfuti ndi kuwomba pa kadontho ka pakati mosalingalira nthawi yaitali, kangapo konse. Pamene tinjere tamtovu ta m'katiriji taunjikana ndi pamene mfuti ikuloza zenizeni. Masamu ake ndi osavuta: popeza diso lili pafupifupi yadi imodzi kuchokera kumapeto kwa mpope, inchi iliyonse imene tinjere taphonya pachitsulo imafuna kusuntha tsinde gawo limodzi mwa magawo 16 a inchi. M'miyeso yathu, kuphonya masentimita awiri ndi theka kumakonzedwa ndi milimita imodzi ndi theka. Kusintha kochepa choncho ndi kumene kumasiyanitsa kulasa ndi kuphonya.

Kukamwa kwa mpope

Chinanso chimene mwini mfuti amasintha yekha ndi choke, kachubu kolowetsedwa mopotokola kukamwa kwa mpope kuti kapanikize tinjere. Muyeso wake wakale ndi wa tinjere togwera m'bwalo la mainchi 30 pa mtunda wa mayadi 40: mpope wosapanikizidwa umaika pafupifupi 40 mwa 100 aliwonse, wapakati pafupifupi 60, wopanikizidwa kwambiri pafupifupi 70. Zowomba pafupi zimafuna kumwaza, zakutali zimafuna kupanikiza.

Nkhaniyi inavuta pamene America inaletsa tinjere tamtovu posaka mbalame za m'madzi m'dziko lonselo mu 1991, chifukwa abakha ankameza totsalira m'madambo n'kumafa ndi poizoni. Tinjere tachitsulo tolowa m'malo mwake sitifinyika ngati mtovu, choncho tikadutsa pa choke yopanikiza kwambiri tikhoza kutupitsa mpope. Wogwiritsa ntchito chitsulo ayenera kuona ngati mfuti ndi choke yake zalembedwa kuti zimapirira.

Zokometsera zina n'zothandizadi, monga labala wofewa wa paphewa, kapena chogwirira chitsekero chachikulupo kwa wovala magolovesi. Koma mfuti ya mtundu wa Benelli imadalira kugwedezeka kwake, motero ukaipachika zolemera zambiri, kapena kuidyetsa makatiriji ofooka, imayamba kusiya zigoba m'kamwa. Zokhethemulira ndi loko woteteza ngozi si zoti munthu azipala yekha kunyumba. Imeneyo ndi ntchito ya mmisiri wovomerezeka.

Mwaye, dzimbiri ndi mafuta

Nthawi zambiri mfuti zoterezi zikayamba kuvuta, gwero lake limakhala litsiro kapena mafuta ochuluka. Kusamala kumayamba ndi kutsimikiza, ndi maso ndi chala, kuti mulibe katiriji m'mpope ndi m'chubu chosungira.

Pa mfuti ya gasi, mwaye umauma pa pisitoni, pa chubu chimene pisitoniyo imayendapo, ndi m'timabowo ta mpope. Timabowo tikatsekeka, mphamvu imachepa. Malo amenewa amatsukidwa n'kusiyidwa ouma kapena ndi mafuta ochepetsetsa, chifukwa mafuta akakumana ndi moto ndi mwaye amasanduka phula. Eni a Remington 1100 amadziwika poyenda ndi kamphete kalabala kapadera m'thumba, popeza kakang'ambika mfuti imaleka kudziikira katiriji.

Ya mtundu wa Benelli imafuna timadontho ta mafuta m'tinjira ta chitsekero, komanso kuti mutu wake wozungulira ukhale woyera. Ukapanda kutsekeka mpaka kumapeto, munthu amakhethemula n'kungomva kuti "kwe" mbalame ikupita. Alenje a m'madambo amaiwalanso sipuling'i ya m'tsinde, imene imamwa madzi n'kuchita dzimbiri mosaoneka. Choke nayo iyenera kumasulidwa, kupukutidwa ndi kupakidwa girisi, apo ayi imamatirira mpaka kufuna mmisiri. Ndipo mfuti siwombedwa choke itachotsedwa, kuopa kuwononga mazinga ake. Posunga, mfuti yonyowa sitsekeredwa m'chikwama, ndipo ambiri amaiimika mozondotsa kuti mafuta asatsikire m'mtengo n'kuufewetsa.

Pali ngozi ziwiri zimene aphunzitsi satopa kuzitchula. Katiriji wamng'ono wa saizi 20 akalowa mwangozi m'mfuti ya saizi 12 amatsetserekera m'mpope n'kukakamira, ndipo wina akawombedwa pambuyo pake mpope umaphulika; matope otseka kukamwa amachitanso chimodzimodzi. Yachiwiri ndi kutalika kwa katiriji: mfuti imalembedwa ngati ndi ya mamilimita 70, 76 kapena 89, ndipo wotalika kuposa pamenepo saikidwamo.

Pamene lamulo laika malire

Si chilichonse chotheka kusinthidwa chimene n'chololedwa. Ku America, kuyambira mu 1935, wosaka mbalame zosamukasamuka saloledwa kukhala ndi makatiriji oposa atatu m'mfuti, choncho m'chubu amaikamo kamtengo kapena kapulasitiki kochepetsa malo. Ku Britain, munthu wina atapha anthu 16 ku Hungerford mu 1987, lamulo la 1988 linati chifefe chotere chikhale chosunga makatiriji awiri okha m'chubu ngati mwini wake ali ndi chiphaso wamba cha chifefe, ndipo mpope usafupike kuposa mainchi 24. Kuchepetsa chubuko kumatsimikizidwa ndi nyumba zoyesa mfuti za ku London ndi Birmingham. Kuno kwathu nakonso, kusunga mfuti popanda chiphaso chochokera ku boma ndi mlandu waukulu.

Palinso mwambo. Chifefe cha mipope iwiri chimathyoledwa pakati, aliyense n'kuona kuti chilibe kanthu. Chodziikira katiriji sichithyoka, n'chifukwa chake m'mabwalo a masewera eni ake amasiya chitsekero chotsekula n'kulowetsamo kambendera kowala, ndipo pa uzimba wina wa ku Britain sachilandira n'komwe.

Wogula mfuti yotere akafunsa poyambira, ndondomeko imene odziwa amapereka siikomera ogulitsa zokometsera. Ayambe wapeza chiphaso, kabati yokhoma ndi zoteteza makutu ndi maso. Kenako akaime pa mayadi 16 ndi mphunzitsi, ayese timapepala tija ta m'bokosi mpaka tinjere tizigwera pamene akuyang'ana, ndipo aphunzire kumasula ndi kutsuka mfuti yake. Ndalama yotsalayo ipite ku makatiriji ophunzirira, chifukwa ngakhale tsinde loyezedwa bwino silithandiza munthu amene amakweza mfuti mosiyanasiyana nthawi iliyonse.