Cisumbu ca Madagascar

Kum'mawa kwa dziko la Mozambique, patsidya pa nyanja yamcere, kuli cisumbu cacikuru dzina lace Madagascar. Mwa zisumbu zonse za dziko lapansi, zitatu zokha ndizo zoposa ici kukula. M'litali mwace muli makilomita ngati 1,600. Pakati pace pali mapiri, ndipo pamapiripo anamangapo mudzi waukuru wa Antananarivo. Kum'mawa mvula icuruka, koma kumwera nkouma.

Cinkana cisumbuci ciyandikana ndi Africa, cinenero ca eni ace cifanana ndi zinenero za ku Borneo, kutali ku Asia. Makolo ao anaoloka nyanja m'ngalawa zaka zoposa 1,000 zapitazo, nafika ndi mbeu ya mpunga. Enanso anacokera ku Africa, ndipo mitundu iwiriyo inasanganikirana. M'caka ca 1896 dzikolo linakhala m'manja mwa France, kufikira 1960 pamene linayamba kudzilamulira.

Anthu a kumeneko adya mpunga monga ife tidya nsima. Aweta ng'ombe za linunda, nalima vanila, mbeu yonunkhira imene agulitsa ku maiko akutali. M'nkhalango zao mukhala tinyama tonga canga, dzina lace lemur.

Koma nkhalangozo zirikutha, pakuti anthu atema ndi kutentha mitengo pofuna minda ndi makala. Tsono mvula ikokolola dothi, mitsinje nifiira popita kunyanja. Ana inu, kumbukirani ici: dziko lotaya mitengo yace litayanso nthaka yace, ndipo potsiriza pace isowa ndi mbeu yomwe.